Chithunzi cha m'mutu mwa a Makwinja

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Za ubwana wanga ku Chimaliro ndinakusimbirani mpaka munatopa nazo, choncho pano ndiyambira tsiku limene ndinavala diresi loyera n'kuyamba kutchedwa anesi.

Chaka choyamba pa esiteti

Nditamaliza kozi ya unamwino, anzanga ambiri ankalimbirana malo m'tauni. Ine ndinamva kuti kampani ina ya tiyi kwathu konkuno ku Thyolo ikufuna namwino, ndipo ikupereka nyumba ya malata yokhala ndi mpopi pakhomo. Ndisakubiseni, chimene chinandikoka chinali mpopiwo. Ndinafika pa lole yonyamula nkhuni za ku fakitale, sutikesi ili pamiyendo, tsitsi lonse litadzaza makungwa a bulugamu. Kiliniki inali ya zipinda zitatu. Kumbuyo kwake kunali nkhalango ya bulugamu, kutsogolo tiyi yekhayekha mpaka polekezera maso.

Bwana wanga woyamba anali a Thomu, medikolo asisitanti wachikulire, wamfupi, wokonda kuimba nyimbo za kwaya uku akutsuka zilonda. Tsiku loyamba lomwelo anandifunsa ngati Chilomwe ndimamva. Ndinayankha kuti kumva ndimamva, koma kuyankhula ndimachita manyazi chifukwa kusukulu ankatiseka nacho. Iwo anati manyazi amenewo ndikawasiye ku geti, popeza mayi wothyola tiyi ululu ukamufika penipeni safotokoza m'Chichewa. Sipanathe sabata ndisanaone kuti ankanena zoona.

Odwala athu anali a malungo, a chifuwa m'miyezi ya chiperoni, ndi a zilonda za m'miyendo zobayidwa ndi zitsa za tiyi. Mabandeji tinkachapa, kuwiritsa, kuyanika pa waya, n'kumangiranso wina. Ambulansi inalipo imodzi pa esiteti yonse, ndipo nthawi zambiri inkakhala itakwezedwa pa njerwa kudikira tayala. Koma chimene ndinaphunzira kwa a Thomu kuposa zonse chinali kalembedwe ka kapepala kopita ku ofesi. Kalaliki akatuma uthenga wofunsa kuti uje akudwala chiyani, iwo ankangolemba kuti munthuyo wadwala, apume masiku akutiakuti, n'kusaina. Dzina la matenda silinkatuluka pakhomo la kiliniki.

Zaka za pakati

A Thomu atapuma, ndinayendayenda m'madivishoni atatu. Ku divishoni yachiwiri n'kumene ndinakumana ndi bambo anu, amene panthawiyo ankakonza makina ku fakitale ndipo ankabwera ku kiliniki ndi kabala kakang'ono pa chala kawirikawiri mokayikitsa. Mabwana ndinaona amitundumitundu. Wina ankawerenga mapanado mmodzimmodzi ngati ndi ake. Wina anali wabwino mtima koma woiwala, moti ankavomera chilichonse Lolemba n'kudabwa nacho Lachitatu. Kenako zinafika zaka zija zimene matenda anatitengera anthu ambiri m'makomboni. Pamenepo ndinaona ndi maso anga kuti liwu limodzi likathawa ku kiliniki, munthu ntchito imamuthera, banja n'kutha, anzake n'kusiya kumwera naye kapu imodzi. Ndinatuluka m'zaka zimenezo pakamwa pali potseka, ndipo anthu ankandikhulupirira pa chifukwa chimenecho. Pomaliza anandibwezera ku kiliniki yaikulu ija ndinayambira, tsopano ndili woyang'anira.

Chaka chimene kunabwera makina

Kutatsala zaka zochepa kuti ndipume, kunabwera Dokotala Kamwendo, mayi wachitsikana wochokera ku Blantyre, woyankhula mofatsa koma woyenda ngati akuthamangira basi. Anati gulu lawo likuchita kafukufuku wa makina ang'onoang'ono ojambulira mkati mwa mutu, a mtundu wa MRI. Aakulu ake amadzaza chipinda chathunthu ndipo amapezeka m'zipatala za m'tauni zokha, koma awa anali ndi mateyala, otha kulowa pakhomo la kiliniki, olumikiza ku soketi ngati ketulo. Ankafuna kuona ngati angagwire ntchito kumudzi, ndipo ankafuna akuluakulu amene mutu wakhala ukuwavuta nthawi yaitali. Kampani inavomera, ine n'kupatsidwa ntchito yofotokozera anthu ndi kuwerenga fomu yachilolezo.

Galimoto yonyamula makinawo isanazime n'komwe, mbiri inali itafika kale m'makomboni monse. Ena ankati makinawo amawerenga maganizo. Mlonda wina wa pa geti anandikokera pambali n'kundifunsa mwaulemu kwambiri ngati chithunzicho chingaonetse kumene munthu amapita tsiku lolandira malipiro, ndiponso ngati akazi ake angaloledwe kuchiona. Koma panalinso mantha osaseketsa. Mphekesera za opopa magazi zinali zisanaiwalike m'dera lathu, ndipo galimoto yachilendo yokhala ndi chimakina chobisika mkati sichinali chinthu choseweretsa. Ndinauza Dokotala Kamwendo kuti tisayambe ndi fomu ayi, tiyambe ndi mutu wanga.

Tinaitana akapitawo, akuluampingo ndi amayi a m'magulu othyola tiyi. Chitseko tinasiya chotsegula, mazenera odzaza nkhope. Ndinavula ndolo ndi zipini za m'tsitsi chifukwa makinawo ali ndi maginito, ndinagona pa bedi, mutu n'kulowa m'chinthu chonga chipewa chachikulu cha pulasitiki. Phokoso lake linali ngati munthu akukhoma misomali pa denga la nyumba yoyandikana nayo, kenako ngati njuchi. Nditadzuka, dokotala anaonetsa anthu chithunzi pa kakompyuta kam'manja. Anthu anasuzumira. Bambo anu, amene anathawa ku fakitale kudzaonerera, anati akuthokoza Mulungu kuti patatha zaka zonsezi atsimikiza kuti mkatimo muli kanthu ndithu. Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo mantha ambiri anathera pomwepo.

Mafunso enieni anabwera titakhala pansi pa mtengo kuwerenga fomu. Inali yamasamba anayi, yolembedwa m'Chichewa cha m'mabuku chimene ngakhale ine ndinkachita kubwereza kawiri. Ndinkawerenga ndime imodzi, n'kuinenanso m'Chichewa cha pakhomo, kenako m'Chilomwe. Nditafika ponena kuti zithunzi zizitumizidwa pa intaneti kwa madokotala a kunja kuti akaziwerenge, mayi wina anati ndiye kuti mutu wake ukafika kwa azungu mwiniwake asanafikepo ndi ku Lilongwe komwe. Wina, mayi wachikulire wosaseka, anadikira kuti phokoso lithe.

“Mukachipeza chinthucho m'mutumo, muchichotsa?”

Dokotala Kamwendo sanazembe. Anati ayi, makinawa amangoona, sachiritsa. Akapeza chodetsa nkhawa amuuza mwiniwake ndi kumulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Mayiyo anati ngati ndi choncho iye akhala ndi mutu wake momwe ulili, chifukwa kudziwa kuti uli ndi chinthu chimene sungachichotse n'kudzigulira kusowa tulo. Ananyamula dengu lake n'kumapita. Dokotala anandinong'oneza kuti funso limenelo iyenso limamuvutitsa.

Ndime yomaliza inali yonena kuti zotsatira ndi chinsinsi cha wojambulidwa, ndipo sadzauzidwa wina aliyense, ngakhale abwana ake a pantchito. Imeneyi ndinaiwerenga mokweza, ndikudziguguda pamtima, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi imene anthu akudikira. Ndinawonjezera ndi mawu anga m'Chilomwe kuti amandidziwa, pakamwa panga sipadontha.

Masiku otsatira anali osangalatsa. Kunkabwera a msana ndi a mawondo kudzapempha kuti tilowetse mwendo m'chipewa chija. Ndinaona kuti amuna ena, akuluampingo omwe, ndikawauza kuti achotse chilichonse chachitsulo ankayamba kuyang'ana kudenga. Ndinamvetsa, ndipo ndinaika beseni kuseri kwa katani kuti aliyense azimasula yekha zimene wamanga m'chiuno, n'kudzatenga potuluka popanda womufunsa. Vuto lalikulu linali magetsi. Ankazima munthu ali mkati, tiyambirenso. Ndinapita kwa a Mbewe, oyang'anira antchito ku ofesi yaikulu, kukapempha kuti atikokere waya kuchokera ku jenereta ya fakitale. Anavomera tsiku lomwelo, ndipo ndinawayamikira kwambiri.

Sabata yachitatu

A Mbewe anali munthu waudongo, wa tayi tsiku lililonse, wosakweza mawu. Anandiitanitsa Lachiwiri, anandipatsa mpando ndi tiyi wamkaka, n'kuyamba ndi kufunsa za inu ana. Kenako anati popeza kafukufuku akuyenda bwino, ndiwakonzere mndandanda wa onse ojambulidwa ndi zimene zapezeka, kuti ofesi idziwe momwe ingathandizire antchito ake. Ndinawauza za ndime ija ya m'fomu. Anamwetulira.

“Anesi, nyumbayo ndi ya kampani. Magetsi mukujambulirawo ndi a jenereta ya kampani. Inunso ndinu wa kampani. Ndiye zithunzizo zikhala za yani?”

“Mituyo si ya kampani, bwana.”

Anaseka ndithu, koma anati afunsa loya wa kampani. Yankho la loyayo litabwera linali kalata yaitali imene aliyense ankaiwerenga mokomera mbali yake. Za makadi a odwala a ku kiliniki inkanena momveka. Koma za zithunzi za kafukufuku, zojambulidwa m'nyumba ya kampani ndi makina a eni ake, n'kusungidwa pa kompyuta ya kutsidya la nyanja, inkangozungulira. Ine ndinatsamira pa fomu imene anthu anadinda chala, ndipo ndinkadziona kuti ndaima pabwino. Sindinkadziwa kuti fomu yomweyo indipanikiza Lachisanu la sabata yomweyo.

Mwa anthu oyamba kujambulitsa munali a Makwinja, dalaivala wa thirakitala yonyamula masamba kuchokera ku masikelo a kumtunda kupita ku fakitale. Anali munthu wansangala, wamkulu thupi, woimba ng'oma ya tchopa pa zisangalalo, ndipo polowa m'makina anauza dokotala kuti akapeza nzeru zotsala awagawireko akapitawo. Njira ya thirakitala yawo inkatsika chitunda chachitali n'kukhota pa kamlatho ka pa damu. Madzulo amayi othyola tiyi ankakwera pamwamba pa matumba m'ngolo, ngakhale lamulo linkaletsa, chifukwa miyendo inkakhala itatha.

Lachisanu m'mawa Dokotala Kamwendo anandiimbira foni ali ku Blantyre. Anati owerenga zithunzi aona kadontho kozunguliridwa ndi kutupa mbali ya kumanzere kwa ubongo wa a Makwinja. Makina ang'onowo sakanatha kunena kuti n'chiyani, pafunika aakulu. Anandipempha kuti ndiwafunse ngati anayamba akomokapo kapena kugwa.

A Makwinja ndinawaitana ataweruka. Analowa akuseka monga mwa masiku onse, koma ataona kuti ndatseka chitseko anavula chipewa. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. Nditafunsa za kugwa, anayamba kupotokola chipewa chija. Kenako anavomera kuti zinachitika kawiri chaka chomwecho, koyamba ku bafa, kachiwiri kudimba. Akazi awo anawapeza akuphupha, thovu kukamwa. Anapita kukapemphereredwa, ndipo poona kuti papita miyezi iwiri osagwanso, anati zatha. Ndinawauza kuti mpaka madokotala aone bwino, sayenera kuyendetsa thirakitala, ndipo ndiwalembera kapepala kopuma masabata awiri kosatchula matenda. Anakana. Anati ino ndi nyengo ya masamba ambiri, ndipo dalaivala amene wajambulitsa mutu n'kupuma masabata awiri, ngakhale mwana adziwa chimene chachitika. Ofesi ikamva za matenda akugwa, ntchito yatha, chonsecho kwatsala zaka zitatu kuti apume mwaulemu.

“Munanena nokha, mayi. M'Chilomwe. Munati ku ofesi sakamva.”

A Makwinja atatuluka ndinaimbira dokotala. Anati fomuyo sinaganizire za munthu amene matenda ake angaphetse ena, ndipo kuti asinthe kanthu ayenera kukafunsa komiti imene inaloleza kafukufukuyo, zimene zingatenge masabata. Anati iye monga dokotala akuona kuti munthuyo asayendetse, koma si iye amene analonjeza anthu pamaso. Ndinamuuza kuti thirakitala inyamuka Lolemba m'mawa, komiti itakumana kapena ayi.

Loweruka lonse ndinangokhala ngati wodwala. Bambo anu anandifunsa kawiri, ndinati ndi zakuntchito, ndipo anandisiya chifukwa ankaudziwa mkhalidwe wanga. Ndinkati ndikaganiza zoulula, ndinkaona anthu onse aja anadinda chala chifukwa cha mawu anga, ndi a Mbewe akutambasula dzanja kuti ndiwapatse ndi ena otsalawo. Ndikaganiza zokhala chete, ndinkaona ngolo yodzaza amayi ikutsika chitunda chija woyendetsa atauma pa chiwongolero. Amayi amenewo ambiri ndinawabereketsa ndine.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinapita kwawo ku komboni. Akazi awo, mayi a Joyisi, anali panja akusamala mphika wa nyemba za kalongonda umene unali pamoto chiyambire dzulo lake. Anandiyalira mkeka pakhonde, a Makwinja n'kutuluka atavala malaya a kutchalitchi. Sindinazungulire. Ndinawauza kuti chithunzi sindidzaonetsa munthu, dzina la matenda sindidzatchula, koma akakatenga makiyi mawa, ine ndipita ku ofesi kukanena kuti monga namwino ndaletsa munthu uyu kuyendetsa. Ndinati ndikudziwa kuti kutero n'kuphwanya mawu anga, ndipo ndabwera kuti amve kwa ine, pakhomo pawo, asadzamve kwa kalaliki.

A Makwinja anati akanadziwa sakanalowetsa mutu wawo m'chimakina chija, ndipo anthu ophunzira ndi choncho, amakunyengerera ndi pepala kenako pepalalo n'kulitembenuza. Mayi a Joyisi ankakankhira nkhuni pamoto. Anayankhula osatembenuka n'komwe.

“Bambo, mng'ono wanga amakwera ngolo imene ija tsiku lililonse. Ine ndakhala chete miyezi iwiri, ndipo ndatopa kumvetsera kulira kwa thirakitala mpaka ifike pa mlatho.”

A Makwinja anadzuka n'kulowa m'nyumba. Sanandiperekeze, ndipo kwathu kuno mukudziwa tanthauzo lake.

Lolemba lake

Kutangocha ndinakaima pa geti la wekishopu pamene mathirakitala amagona. Ndinkapemphera kuti ndisakafike pochita chimene ndinanena. Madalaivala ena anadutsa, akundipatsa moni modabwa. Kenako ndinaona a Makwinja akubwera, osavala ovolosi koma jekete. Sanandipatse moni. Anangoti tipite ku ofesi, koma woyankhula akhala iwo, ine ndikakhale chete.

Anayankhuladi okha, ataimirira, chipewa chili m'manja. Anauza a Mbewe za kugwa kuja, za chithunzi, ndi kuti sakufuna kupha ana a eni ake. Ine ndinangoyang'ana pansi. A Mbewe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. Anandifunsa ngati ndi zochizika, ndipo nditayang'ana a Makwinja n'kuona kuti agwedeza mutu, ndinati mwina, koma pafunika ambulansi yowapititsa ku Blantyre. A Mbewe anati munthu amene wabwera ndi miyendo yake kudzanena zotere sangamuchotse ntchito. Analemba kuti a Makwinja apite ku nazale, kosamalira mbande za tiyi, pa giredi yawo yomweyo, ndipo ambulansi iwatenge Lachitatu. Kunena zoona sindinkayembekezera, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene ndinkawaganizira bwanawo.

Koma a Makwinja atangotuluka, a Mbewe anandiuza kuti nditsale. Anati ndaona ndekha tsopano chifukwa chimene ofesi ikufunira mndandanda uja, pakuti ndani akudziwa kuti mwa enawo mulibe woyendetsa lole kapena wogwira makina odula masamba. Mfundo yawo sinali yopusa. Ndinawayankha kuti ndikadzaona wina woika anzake pangozi ndidzachita chimodzimodzi, kuyamba ndi mwiniwake, koma mndandanda sindipereka. Anati zimenezo ndiye kuti kampani izidalira mtima wa munthu mmodzi. Ndinati inde, mpaka opanga malamulo atatipatsa china chodalira.

Patatha mwezi ndinalandira kalata yondisamutsira ku kakiliniki ka kumalire a esiteti, njira ya ku Thekerani. Inati kumeneko kukufunika munthu wodziwa ntchito. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chilango kapena zoona, mwina zonse ziwiri. Inu munakwiya kuposa ine. Kumeneko ndinakapeza anthu abwino, mapeyala ongotola pansi, ndi mpumulo umene ndinali ndisanaulawepo chiyambire ntchito. Bambo anu ankabwera Loweruka lililonse pa njinga yamoto yobwereka, atavala chipewa chachikulu ngati cha makina aja, ndipo ankati tayambiranso chibwenzi.

Za a Makwinja ndinkamva kwa dokotala, iwo atamuloleza kundiuza. Makina aakulu anaonetsa kuti sichinali chotupa choopsa monga tinkaopera, koma kathumba ka nyongolotsi zimene zimayenda pakati pa nkhumba ndi anthu. Anawapatsa mankhwala opha nyongolotsiyo ndi ena omwa tsiku ndi tsiku oletsa kugwa. Kugwa kunasiya. Pa thirakitala sanabwererepo, koma ku nazale anakhala kapitawo, ndipo ndinamva kuti ankalalikira za ukhondo wa zimbudzi ndi makola a nkhumba kuposa alangizi a zaumoyo. Ine ndekha ndi amene sankandiyankhula. Tikakumana pa msika wa Loweruka ankapeza chochita mbali ina ya msewu. Zinkandipweteka, koma sindinkawaona olakwa.

Chaka chotsatira

Dokotala Kamwendo anandipempha kuti ndilembe zonse zinachitika, osatchula dzina, kuti akapereke ku komiti ija. Ndinalemba masamba atatu pamanja. Makina atabweranso chaka chotsatira, fomu inali ndi ndime yatsopano. Inkati zotsatira ndi chinsinsi ndithu, koma zikaonetsa kuti munthu angavulaze ena pa ntchito imene amagwira, adzauzidwa iye poyamba, ndipo akakana kusiya, azachipatala adzauza abwana ake kuti asagwire ntchito imeneyo, popanda kutchula matenda. Inkanenanso za amene adzamutengere munthu ku chipatala chachikulu. Dokotala anapempha ofesi kuti ndibwere kudzawerenga ndine, ndipo a Mbewe anatumiza galimoto kudzanditenga.

Tinakhala pansi pa mtengo womwe uja. Anthu anali ambiri kuposa poyamba. Nditayamba kumasulira ndime yatsopanoyo m'Chilomwe, ndinakakamira pa liwu lina. Wina kumbuyo analitchula molondola. Nditakweza maso ndinaona a Makwinja ataima, manja ali ndi dothi la ku nazale. Anapempha kuti anenepo kanthu, ndipo sindinkadziwa chimene atanene.

“Chaka chatha mayi awa anatinamiza, koma sankadziwa kuti akunama. Lero ndiye anena zonse. Amene mukulowa, lowani mutamva.”

Anafotokoza nkhani yawo yonse okha, ndi nthabwala zake, mpaka anthu anaseka pamene ankasimba za nyongolotsi imene inasowa malo m'thupi lonse lalikululi n'kukasankha kumutu. Atamaliza anandigwira chanza, nati mwaswera bwanji anesi, ngati tinaonana dzulo. Za pakhonde paja sitinazitchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Anthu atayamba kufola kuti adinde chala, ndinaona bambo wina woyendetsa lole ya nkhuni akudzuka mwakachetechete. Anapinda fomu yake, anaisiya pa benchi, n'kulunjika ku msewu. Dokotala anandiyang'ana. Tonse tinkadziwa kuti munthuyo anabwera chifukwa mutu unkamuvuta, ndipo chimene chamubweza ndi ndime imene tinaimenyera nkhondo tokha. Sindinamuitane, chifukwa fomu yomweyo inkati munthu ali ndi ufulu wokana. A Makwinja ndi amene anamutsatira. Anamupeza pa kalavati, anakhala pansi onse awiri, ndipo pamene ndinkakwera galimoto kubwerera ku kakiliniki kanga dzuwa litapendeka, anali akadali pompo.

Makina anakhala masabata awiri n'kupita, bamboyo osajambulitsa. Patatha mwezi, tsiku lina m'mawa ndikusesa pakhonde la kakiliniki kaja, ndinamuona akukankha njinga pa chitunda. Anali atadutsa makiliniki awiri apafupi kuti adzafike kwa ine. Anaimika njinga, anakhala pa benchi, n'kunena kuti makiyi a lole wawasiya ku wekishopu, wapempha tchuthi cha masiku atatu, ndipo ali ndi nkhani ya mutu wake imene akufuna kuinena ndi pakamwa. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinamulowetsa, n'kutseka chitseko. Zimene anandiuza mkatimo sindilemba muno.